Bilimankhwe wodwala pakhomo: khola, madzi, dzuwa ndi chakudya

Bilimankhwe amabisa matenda. Kutchire wofooka ndiye amayamba kutoledwa ndi khwangwala kapena nalikukuti, ndiye iye amalimbikira kuoneka wabwinobwino mpaka mphamvu zitatheratu. Mukamupeza masana ali phee, maso ali chitsekere, osasuntha ngakhale mwamuyandikira, dziwani kuti vuto linayamba masiku angapo apitawo. Kumupeza pansi pakokha si matenda ayi: amphongo amawoloka misewu mvula ikayamba posaka aakazi, ndipo aakazi amatsika kukakumba dzenje la mazira. Woyenda, maso ali tcheru, msiyeni apite.

Ambiri amene amapezeka ndi bilimankhwe pakhomo kuno ku Kasungu sanachite kumufuna. Ana amutola atawauka ndi moto wa m'tchire, wina wamukhapa ndi chikwakwa potchetcha, kapena mphaka wabwera naye pakhonde. Amene amapezeka kwambiri kuno, amene ena amati nanzikambe, ndi wa mtundu wa Chamaeleo dilepis: ali ndi tizikopa tiwiri kuseri kwa mutu, mzere woyererako m'nthiti, ndipo wamkulu kwambiri amafika masentimita 35 pamodzi ndi mchira. Miyeso yonse ili m'munsimu ndi ya ameneyu. Kalilombe ndi wamkulu kuposa apa ndipo amafuna malo aakulu ndi ozizirirako.

Bilimankhwe ndi nyama yakutchire. Kutulutsa nyama iliyonse mu Kasungu National Park ndi mlandu, ndipo malonda a abilimankhwe kupita kunja amayendetsedwa ndi CITES, pangano la mayiko loona za malonda a nyama ndi zomera zakutchire. Ngati mukuona kuti mukhala naye nthawi yaitali, dziwitsani a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire. Osagula bilimankhwe kwa ana kapena kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ngakhale chifukwa cha chisoni, popeza mawa akagwiranso wina.

Tsiku loyamba

Musamuzule pa nthambi. Zala zake zimagwira ngati pulayazi, ndipo mukakoka mumathyola zikhadabo kapena mwendo. Mchira wake ukaduka sumeranso ngati wa buluzi. Ikani kamtengo kapena dzanja patsogolo pake, m'munsi mwa chibwano, kenaka mumukhudze pang'ono kumbuyo kuti akwere yekha. Akafufuma, kuda ndi kuyasama, ndi mantha chabe. Alibe ululu, ndipo akaluma amasiya. Mchitidwe womuthira fodya m'kamwa ndi kumupha mwankhanza, chifukwa chikonga cha mu fodya ndi poizoni kwa iye. Auzeni ana zimenezi lero lomwe, asanayesere.

Tengani katoni, mubowole timabowo m'mbali, pansi muyale thaulo, ndipo mulowetse kamtengo kamodzi kuchoka mbali ina kufika mbali ina, masentimita 5 kuchoka pansi. Ikani katoniyo m'chipinda chopanda phokoso, chopanda utsi, chofunda bwino. Pakatha ola, yesani madzi monga tafotokozera m'munsimu. Chakudya chidikire. Ndondomeko yake ndi iyi ndipo isasinthe: afunde kaye, amwe, kenaka adye. Thupi lozizira siligaya chakudya, chimangowolera m'mimba, ndipo impso zosowa madzi sizipirira chakudya.

Sambani m'manja ndi sopo nthawi iliyonse mukamugwira kapena mukakonza m'khola. Zokwawa zambiri zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'zitosi, toyambitsa kutsegula m'mimba. Ana osafika zaka zisanu azingoonera patali.

Khola

Wodwala amafuna khola lalifupi chifukwa amagwa. Uzani kalipentala akhome feremu ya masentimita 45 m'lifupi, 45 m'mbali ndi 60 kutalika, chitseko chili kutsogolo. Akachira koma n'kukhala kuti sangabwerere kutchire, adzafunika lalikulu, la 60, 60 ndi 120 kutalika. Matabwa akhale osapaka oyilo wakuda kapena mankhwala a chiswe. Pamwamba ndi kutsogolo khomani waya wa timabowo ta theka la inchi, wopinda nsonga zake kunja. Gozi wa pawindo angathe kugwira ntchito m'mbali, koma pamwamba amatchinga gawo la dzuwa limene bilimankhwe akufunikira, ndipo zikhadabo zimakodwamo. Waya wa nkhuku mabowo ake ndi aakulu, njoka ndi makoswe amalowa. Bokosi lagalasi, ndowa ndi beseni sizoyenera: mpweya suyenda, chinyezi chimakhazikika, ndipo chifuwa chimayambira pamenepo.

Neti ya udzudzu musayerekeze n'komwe. Pakhomo paliponse pali neti yakale, ndipo ndiyo imabwera msanga m'maganizo pofuna chokutira khola. Maneti amenewa ananyikidwa m'mankhwala opha tizilombo, opangidwa kuti asachoke ngakhale neti itachapidwa maulendo 20. Bilimankhwe amayenda pa netiyo, amanyambita madontho otsetsereka pamenepo, ndipo mankhwalawo amagwira mitsempha yake: amayamba kunjenjemera, kugwa, kenaka kufa. Chimodzimodzi mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, koyilo wa udzudzu, ndi utsi wa kukhitchini. Khola lisayandikirenso chigafa kapena chipinda chosungiramo fodya ndi mankhwala a m'munda. Amene wachokera kosankha fodya asambe kaye asanakhudze nthambi za m'khola.

Pansi yalani thaulo lopinda, pamwamba pake pepala loyera lomwe muzisintha tsiku lililonse. Mchenga ndi utuchi zimamatirira ku lilime n'kutseka matumbo, komanso zimabisa zitosi zimene muyenera kumaziona. Nthambi zikhale za mango, gwafa kapena mabulosi, zochokera mu mtengo wosapoperedwa, zonenepa ngati pensulo mpaka ngati chala. Zimangeni mopingasa ndi mopendekera kuti zisagwedezeke, yapamwamba isapitirire masentimita 30 kuchoka pansi ngati akugwira mofooka. Ikani msonga za masamba ambiri m'botolo la madzi lotseka pakamwa ndi nsalu, kuti apeze pobisala. Nkhadze ndi mitengo ina yotuluka mkaka woyabwa ikhale kutali.

Khola likhale pa tebulo, pamwamba pake pofanana ndi maso a munthu woimirira kapena kuposa. Nyama ya mu mtengo ikakhala pansi, anthu ndi agalu akuyidutsa pamwamba, imakhala mwamantha tsiku lonse ndipo siidya. Mbali ziwiri tchingani ndi chitenje. Miyendo ya tebulo ikhale m'zitini za madzi chifukwa cha linthumbu, lomwe lingamalize bilimankhwe wodwala usiku umodzi. Abilimankhwe awiri sakhala khola limodzi, ndipo asamaonane n'komwe. Kalilole nayenso amamuvutitsa, amayesa ndi mnzake wodzalanda malo.

Kutentha ndi dzuwa

Thupi lake silipanga kutentha, amadalira malo. M'khola mukhale mbali yofunda ndi mbali yozizirirako kuti azisankha yekha: pa nthambi yoothera madigiri 30 mpaka 32, kwina konse 24 mpaka 27. Gulani themometa, dzanja limanama. Ngati muli ndi magetsi, babu lakale lija lotentha la mawati 40 kapena 60 liikeni kunja pamwamba pa waya, ku ngodya imodzi, pafupifupi masentimita 20 kuchoka pa msana wake. Mababu a LED amawala koma satenthetsa. Babu likakhala m'kati amalikwera n'kupsa. Usiku kukhale mdima weniweni, pafupifupi maola 12.

Babu wamba silingalowe m'malo mwa dzuwa. M'kuwala kwa dzuwa muli mphamvu ya UVB imene khungu lake limapangira vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu kashiamu wa m'chakudya salowa m'mafupa. Galasi la windo limatchinga UVB, choncho kuika khola pawindo lotseka ndi kumutenthetsa chabe. Kuno dzuwa tili nalo laulere. Tulutsani khola lonse pabwalo m'mawa, pakati pa 8 ndi 10 koloko, kwa mphindi 30 mpaka ola, theka la denga litaphimbidwa ndi masamba kapena katoni. Wina akhale pafupi. Mudzaona akuda ndi kupendeketsa thupi kuloza dzuwa, kumeneko ndi kuwotha. Akayera, kuyasama ndi kutsikira pansi, watenthedwa: mthunzi msanga, ndipo muwaze madzi. Mu Okutobala ndi Novembala muzimulowetsa isanakwane 9 koloko.

Mu Juni ndi Julayi vuto limatembenuka. Usiku wa ku Kasungu umazizira kufika pafupi ndi madigiri 10, ndipo mwera umaomba. Wathanzi amapirira, amangochepetsa kudya ndi kuyenda. Wodwala asatsike pa madigiri 18 mpaka 20. Mulowetseni m'nyumba, funditsani khola bulangete mosiya mpata wa mpweya, ndipo muike botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu kunja kwa waya, chakumunsi. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha bilimankhwe ndi mwini wake yemwe.

Madzi

Apa ndi pamene osunga atsopano ambiri amataya chiweto chawo. Bilimankhwe samwa m'mbale. Madzi odikha sawazindikira, amadziwa mame ndi madontho a mvula onyezimira pa tsamba. Mutha kumuikira mbale yodzaza mlungu wonse iye n'kufa ndi ludzu pambali pake.

Pali njira ziwiri ndipo zonse zichitike. Yoyamba ndi kuwaza. Gulani botolo lopopera latsopano, lisakhale lomwe linakhalamo mankhwala a tomato kapena a tsitsi, ngakhale litatsukidwa. Thiranimo madzi ofunda pang'ono, a mvula kapena a pa mjigo. A pampopi agone usiku m'ndowa yosavindikira. Wazani masamba, osati nkhope yake, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu osalekeza, m'mawa ndi chakumadzulo, ndiponso masana m'miyezi yotentha. Musafulumire kusiya, chifukwa amatenga nthawi asanayambe kutsegulatsegula pakamwa ndi kumeza. Yachiwiri ndi botolo lodontha: bowolani pansi pa botolo lapulasitiki ndi singano, mumasule chitsekerero pang'ono mpaka dontho lizigwa limodzi pa sekondi, muliike pamwamba pa waya kuti madontho azigwera pa tsamba lili pafupi ndi pomwe amakhala. Pansi pake ikani kambale kovindikira ndi gozi kuti asagweremo. Khola liziuma pakati pa kuwaza kwina ndi kwina, ndipo m'nyengo yozizira lisagone lonyowa.

Wofooka kwambiri mudonthezereni ndi sirinji yopanda singano, dontho limodzi pa nsonga ya mlomo, mudikire ameze, kenaka lina. Mililita imodzi kapena awiri pa ulendo umodzi, katatu pa tsiku, ndi okwana kwa wamkulu. Musapopere madzi m'kamwa mwake. Khomo la njira ya mpweya lili pansi pa kamwa, kuseri kwa lilime, ndipo madzi akalowa mmenemo amapita m'mapapo.

Zitosi ndizo zidzakuuzeni ngati akumwa mokwanira. Zimakhala ndi mbali yakuda ndi mbali yoyera, ndipo yoyerayo ndiyo mkodzo wake. Ikakhala yoyera ndi yofewa, zili bwino. Ikakhala yachikasu kwambiri kapena ngati lalanje, youma ngati choko, madzi akuperewera. Maso olowa m'kati akunenanso zomwezo.

Chakudya

Amadya tizilombo tamoyo, toyenda. Ziwala ndizo chakudya chachikulu. Onjezani nkhululu zazing'ono, njenjete, ndi ngumbi pa nthawi yake, koma ngumbi zili ndi mafuta ambiri, zisakhale za tsiku ndi tsiku. Kachilombo kasapose kukula kwa mutu wake m'lifupi, ndipo ziwala zazikulu muzithothole miyendo yaminga ija. Wamkulu amakhuta ndi ziwala zitatu mpaka zisanu, tsiku lina kudya lina kupuma. Wamng'ono amadya tsiku lililonse. Mudyetseni m'mawa atawotha kale. Ikani tizilombo m'kapu yakuya yomangirira m'munsi mwa nthambi yake, ndipo totsala muchotse madzulo chifukwa nkhululu zimaluma bilimankhwe ali m'tulo.

Funso lalikulu ndi kumene ziwalazo zagwidwa. Za m'munda wa fodya, za m'chimanga chopoperedwa chifukwa cha mbozi, za kudimba la tomato ndi kabichi, zonsezi zingakhale ndi mankhwala. Gwirani za m'tchire kapena kudambo kotalikirana ndi minda. Mphemvu za m'nyumba ayi. Nunkhadala, chiyabwe, ziphaniphani ndi kachilombo kalikonse ka mitundu yowala kwambiri kapena konunkha, siyani.

Zimene chiwala chadya ndi zimene bilimankhwe adye. Sungani ziwala m'ndowa yovindikira ndi gozi kwa tsiku limodzi, muzipatse nkhwani, chisoso, bonongwe, kaloti kapena dzungu. Tizilombo tili ndi kashiamu wochepa, ndiye muwonjezere: wiritsani zikhokhombe za mazira mphindi 10, muziyanike, musinje mpaka zisalale ngati ufa woyera, musefe. Tsinani pang'ono, thirani m'kajumbo muli ziwala, gwedezani kuti zingoyera pang'ono. Mapiritsi a mavitamini a anthu ndi amphamvu kwambiri kwa nyama yaing'ono chonchi.

Akakana kudya masiku atatu kapena anayi m'malo achilendo, musade nkhawa bola akumwa. Pakatha mlungu, mukhudzeni pambali pa mlomo, ndipo akayasama mwaukali muikeni kachiwala kofewa kutsogolo kwa kamwa, atafune yekha. Musakanule kamwa ndi supuni kapena kamtengo. Mano ake anamera kumodzi ndi fupa la nsagwada, akathyoka sameranso, ndipo bala la pamenepo ndilo limayambitsa kuwola kwa m'kamwa.

Kuzindikira chomwe chavuta

Muyang'aneni kawiri pa tsiku muli chapatali, ndipo muzilemba m'kope: wamwa, wadya zingati, zitosi zinali zotani. Kamodzi pa mlungu muyezeni pa sikelo ya magalamu ali pa kamtengo kake. Akataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, zinthu sizikuyenda. Kuyera thupi usiku ali m'tulo si matenda, ndipo kufundula khungu loyera ngati pepala ndi chilengedwe. Chongofunika kuona ndi khungu lotsalira ngati mphete pa zala ndi kunsonga ya mchira, lomwe limatseka magazi. Linyowetseni ndi thonje la madzi ofunda mpaka lichoke lokha.

Miyendo yopindika, nsagwada yofewa, kunjenjemera, kudzigwira mwendo wake womwe, ndi lilime losafika patali, ndi mafupa ofooka chifukwa chosowa dzuwa ndi kashiamu. Zimapezeka mwa amene anasungidwa m'nyumba miyezi. Dzuwa la m'mawa ndi ufa wa zikhokhombe zimalimbitsanso mafupa pakapita milungu yambiri, ngakhale mwendo wopindika suwongoka. Nthawi yonseyi musamunyamule popanda chifukwa.

Kukweza mphuno kumwamba, kupuma ndi pakamwa kusanatenthe, thovu kapena malovu otanuka, ndi kaphokoso popuma, ndi matenda a m'mapapo. Amabwera ndi kuzizira kophatikiza chinyezi ndi mpweya wosayenda. Milomo yotupa yokhala ndi zachikasu zolimba m'mbali mwa mano ndi kuwola kwa m'kamwa. Awiri onsewa amafuna mankhwala a dokotala wa nyama, ndipo ntchito yanu ndi kumufunditsa ndi kumumwetsa pamene mukukonza ulendo.

Mabala a chikwakwa, moto kapena mano a mphaka tsukani ndi madzi a mchere: supuni imodzi ndi theka ya tiyi, yosadzaza mosongoka, mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira. Kenaka pakani mankhwala a mabala otchedwa povidone iodine, osungunula m'madzi mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kupewa maso. Sipiriti ndi mankhwala onunkha otsukira pansi zimawotcha mnofu ndipo zina ndi poizoni kwa iye. Phimbani khola ndi nsalu yopyapyala kuti ntchentche zisaikire mphutsi pa bala. Bala la mphaka limaoneka laling'ono kunja koma limalowetsa tizilombo m'kati, ndiye nalonso lionedwe ndi dokotala. Diso limodzi lotsekeka nthawi zambiri ndi fumbi kapena kachitsotso: donthezani madzi a mchere omwewo. Onse awiri akatsekeka masana, vuto lili m'thupi lonse.

Wamkazi wa mazira

Anthu amati bilimankhwe amabereka podzigwetsa mu mtengo n'kuphulika. Wa mtundu uwu amaikira mazira m'nthaka, makumi angapo nthawi imodzi, chakumapeto kwa dzinja, ndipo amaswa patapita miyezi isanu ndi inayi kapena kuposa. Wamphongo mumamudziwa ndi tsinde la mchira lonenepa komanso kachitendene kotuluka kumbuyo kwa phazi la mwendo wakumbuyo. Wamkazi wa mimba yaikulu ya timabulungwa, amene wasiya kudya ndipo akungozungulira pansi pa khola n'kumapalasa, akufuna pokumba. Akasowa amasunga mazirawo m'mimba mpaka kufa nawo.

Ngati alibe bala, chabwino ndi kumubweza pomwe anatoledwa tsiku lomwelo. Ngati sangabwezedwe, dzazani ndowa ndi dothi losakaniza ndi mchenga, kuya kwake masentimita 30, lonyowa moti mukakumba ndi chala dzenje siligumuka koma madzi satuluka mukafinya. Ikanimo nthambi yotsikirapo, tchingani mbali zonse, ndipo musasuzumire. Akaona munthu amasiya dzenje. Ntchitoyi ingamutengere tsiku lonse kapena kuposa. Akamaliza amatuluka wofota, wamatope, ndipo amafuna madzi ambiri ndi chakudya cha kashiamu. Akakumba n'kusiya masiku awiri kapena atatu, maso n'kuyamba kulowa, ndi nkhani ya dokotala mwamsanga.

Mankhwala ndi ulendo wa kwa dokotala

Musamupatse mankhwala a anthu, a nkhuku kapena a ng'ombe mongoganizira. Paracetamol, amene timangomutcha panado, amapha zokwawa, moti pa chilumba cha Guam amamugwiritsa ntchito pophera njoka. Dibi ndi mankhwala a nkhupakupa ndi oopsa chimodzimodzi. Pafupifupi bilimankhwe aliyense wochokera kutchire ali ndi njoka za m'mimba, ndipo akafooka zimachuluka, koma muyeso wa mankhwala ake umawerengedwa pa magalamu, dontho limodzi lowonjezera ndi lalikulu. Yambani ndi mlangizi wa ziweto wa kwanuko kapena ofesi ya zaulimi pa boma. Odziwa bwino nyama zakutchire ali ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 130 pa msewu wa M1, kumene Lilongwe Wildlife Trust imalandira nyama zakutchire zovulala. Imbani kaye musananyamuke, ndipo kanema wa pafoni woonetsa mmene akupumira ndi kuyendera amathandiza.

Pa ulendo gwiritsani ntchito katoni ija ya mabowo, kamtengo ndi thaulo, yotseka kuti mukhale mdima. Inyamuleni pamiyendo, kutali ndi dzuwa la pawindo ndi kutentha kwa injini ya minibasi. Tengani zitosi za tsiku lomwelo m'kapepala ka pulasitiki, pamodzi ndi kope lanu.

Kumubwezera kwawo

Wachira akamaponya lilime n'kugwira chiwala yekha, maso onse awiri akuzungulira, akugwira nthambi mwamphamvu usiku wonse, ndipo kulemera kwake sikunatsike kwa milungu iwiri. Mubwezeni dera lomwe anachokera, m'chitsamba cha masamba ambiri chotalikirana ndi msewu ndi minda yopoperedwa, m'mawa kukafunda. Ngati wachira mu Ogasiti kapena Sepitembala tchire litapsa, sankhani m'mphepete mwa dambo kumene kukadali kobiriwira, kapena mudikire mvula yoyamba pamene tizilombo tachuluka. Tsamiritsani kamtengo kake pa nthambi, muchoke, awoloke pa nthawi yake. Nthambi zakale za m'khola zitentheni, ndipo kholalo mulitsuke ndi Jik wosungunula, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, mutsukuluze bwino ndi kuliyanika padzuwa masiku awiri musanaikemo wina.